Sailensa yabooka: timate chigamba, tigule yakale kapena tiike yatsopano?

Galimoto za kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo zimayamba kukalamba kunsi. Penti amakhala akadali wonyezimira, mipando ili bwinobwino, injini ikudzuka mukangopotokola kiyi, koma mukasuzumira pansi mumapeza dzimbiri linayamba kalekale ntchito yake. Chimene chimagonja msanga nthawi zambiri ndi chigawo chakumbuyo cha ekizozi: paipi ija imachokera pakati pa galimoto, n'kukhota pamwamba pa ekiselo ya matayala akumbuyo, n'kukalowa m'chigubu cha sailensa, chimene chimapha phokoso la injini. Tsiku lina m'mawa mumangomva galimoto yasintha mawu, ikubangula, anthu pamsika akucheukira kwa inu.

Mukafunsa anthu atatu, mayankho akhalanso atatu. Wina akuuzani kuti pitani kwa owotcherera ku Chitakale kapena ku Luchenza akamate chigamba. Wina akuti ku Limbe sizisowa zakale zomasula ku galimoto za ku Japan. Wachitatu akuti musadzivute, dulani chigubucho muike paipi yokhayokha. Onsewa amayambira pa mtengo, pamene funso loyenera kuyamba nalo ndi lina: chaboola sailensayo n'chiyani, mwala kapena dzimbiri? Njira imene ili yanzeru pa bala la mwala ndi yomweyo imene imatayitsa ndalama pa bala la dzimbiri.

Madzi a m'kati, matope a kunja

Ambiri timaloza chala mvula. Mvula ili ndi mbali yake, koma madzi amene amadya sailensa kwambiri amachokera mu injini momwemo. Petulo akamayaka amatulutsa nthunzi, ndipo si yochepa: lita imodzi ya petulo imabala madzi pafupifupi lita imodzinso. Ekizozi ikatentha yonse mpaka kumapeto, nthunziyo imatuluka ndi utsi osaoneka n'komwe. Koma sailensa yakumbuyo ndiyo ili kutali kwambiri ndi injini, ndiye imachedwa kutentha kuposa zigawo zina zonse. Nthunzi ikaipeza ikadali yozizira imasanduka madzi, madziwo amasakanikirana ndi zotsalira za utsi n'kukhala ndi asidi, kenako amadikha pansi pa chigubu. Timadontho timene mumaona tikugwa kupaipi m'mawa wa mu Juni ndi timeneti.

Taganizirani tsono galimoto ya aphunzitsi kapena anamwino imene ulendo wake wa tsiku ndi tsiku ndi wochoka ku Chitakale kufika pa Boma, kapena wokasiya ana kusukulu n'kubwerera kunyumba. Injini imazimitsidwa sailensa isanaume, madzi a lero n'kupeza a dzulo ali momwemo. Nyengo ya chiperoni, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene pamatha masiku dzuwa osaoneka, zimanyanyiratu. N'chifukwa chake si zachilendo kupeza Sienta ya takisi yothamanga pakati pa Muloza ndi Limbe tsiku lonse ili ndi sailensa yolimba m'kati kuposa Vitz yosamalidwa bwino imene imangozungulira pa Boma.

Ya takisiyo mavuto ake amachokera kunja. Ikadzaza anthu, kumbuyo matumba a nanazi kapena a kabichi wa ku Bvumbwe, imatsika mpaka sailensa kumakhula mahampu. Misewu ya fumbi yodutsa m'minda ya tiyi ndi yolowera kumidzi ili ndi miyala yotumphuka pakati, komanso dothi lofiira lomata. Dothi limeneli likakwera pamwamba pa sailensa, pakati pa chigubu ndi kachitsulo kotchinga kutentha, limasunga chinyezi masiku ambiri, ndipo kumeneko anyamata otsuka galimoto safikako.

Muione ndi maso anu musanamve mtengo

Pezani garaja yokhala ndi dzenje, ndipo nanunso mulowemo. Musagone pansi pa galimoto imene yangokwezedwa ndi jeke yokha. Injini ikhale yozizira. Yambani n'kufufuza mwaye: pamene utsi ukuthawira pamakhala pakuda, makamaka m'mphepete mwa msoko wa chigubu, pamene paipi imalowera m'chigubu, ndi pamfundo ya mabawuti. Wina alize injini n'kutseka kukamwa kwa paipi ndi kansanza kwa kanthawi kochepa. Pobooka ponse pamayamba kufwenthera, ndipo mukayandikiza dzanja mumaumva mpweya ukutuluka.

Kenako tengani sipanala mugogode chigubu chonse ndi paipi, pang'onopang'ono. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee, chodyeka chimangoti buu, ndipo pena sikuludiraiva imalowa mukangokanikiza. Gwedezani chigubucho. Mukamva zinthu zikuchita gobedegobede m'kati, ndiye kuti zipupa zimene zimapha phokoso zathothoka, ndipo chigamba cha kunja sichingakonze zimenezo.

Bala la mwala silibisala. Pamakhala pophwanyika kapena pong'ambika pamalo amodzi, m'mbali mwake chitsulo chili chochindikala. Chimodzimodzinso mng'alu wa pamene kachitsulo kokolekera kanathyokera. Bala la dzimbiri limakhala timabowo tambirimbiri pansi pa chigubu, m'mbali mwake mopyapyala moti mutha kupinda ndi chala. Bowo limene mukulionalo ndi pamene dzimbiri latulukira chabe. M'kati linadya kale malo aakulu.

Pali chifukwa chimene sindifuna kuti munthu azengereze ndi ntchito imeneyi, ndipo si phokoso ayi. Utsi wa injini ya petulo uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu. Magazi athu amaugwira mwamphamvu kuposa mmene amagwirira oxygen, kuwirikiza ka 200 kapena kuposerapo. Ekizozi yonse inapangidwa kuti ikatayire utsi kumbuyo, kunja kwa galimoto. Ikabooka pansi pa mpando, utsi umalowera m'timabowo ta pansi ndi m'malabala otha a chitseko chakumbuyo. Galimoto ngati Sienta, Probox ndi minibasi zimakokera utsi kuchitseko chimenechi zikamathamanga, makamaka chikamangidwa ndi chingwe chifukwa cha katundu. Amene amakhala mpando wotsiriza kawirikawiri ndi ana. Mwana akamadandaula mutu, kusinza kapena kusanza paulendo uliwonse, timathamangira kunena kuti sanazolowere galimoto. Kasuzumireni kunsi kaye.

Gun Gum, chitini ndi waya

Phala lomatira ekizozi la Gun Gum ndi bandeji yake zimapezeka m'mashopu a masipeya, ndipo pa kabowo kakang'ono kapena pamfundo yofwenthera zimagwiradi, bola mupale dzimbiri ndi dothi kaye. Zimauma ndi kutentha kwa ekizozi yomweyo. Koma zikauma sizipindika, pamene ekizozi imagwedera komanso imafufuma ikatentha, ndiye pamsewu wa mabampu zimasweka. Chitini chodula n'kukulunga ndi waya n'chimodzimodzi. Izi ndi zokufikitsani ku garaja kapena kumapeto a mwezi, ndipo pa ntchito imeneyo ndilibe nazo chifukwa.

Chigamba cha owotcherera

Uku n'kumene ambiri timathamangira, poti owotcherera ali pamsika uliwonse, ntchito imatha tsiku lomwelo, ndipo mtengo ndi wokambirana. Pa bala la mwala, kapena paipi ikathyoka pamene inalumikizidwa ku chigubu chimene chikadali cholimba, palibe njira yoposa iyi. Chigamba choikidwa bwino pa chitsulo chamoyo chitha kukhalapo mpaka galimoto kugulitsidwa. Kutaya sailensa chifukwa cha mng'alu umodzi n'kuwononga ndalama, makamaka ngati ndi imene galimoto inabwera nayo kuchokera ku fakitale, chifukwa chitsulo chake kawirikawiri chimaposa cha zatsopano zotchipa.

Pa dzimbiri nkhani imasintha. Zimakhala ngati ndowa yotha matako: mmisiri akamata apa, sabata yamawa yayamba kudontha pambali pake, chifukwa chatha ndi chitsulo chonse. Moto wowotcherera umafooketsanso m'mbali mwa chigambacho n'kupsereza zimene zinakutira chitsulo kuti chisachite dzimbiri. Mumalipira kawiri, katatu, ndipo mukaphatikiza ndalamazo ndi masiku amene galimoto inaima, mupeza kuti zikanagula sailensa ina. Mmisiri wachilungamo akagogoda chigubu chotere amanena yekha kuti, bwana, apa palibe pogwira. Ameneyo musamutaye, ngakhale wakukanirani ntchito tsiku limenelo.

Mtundu wa moto nawo uli ndi ntchito. Chitsulo cha sailensa ndi chopyapyala, milimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Makina a magetsi a marodi, aja amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, amaboola chitsulo chotere msanga ngati dzanja silinazolowere. Mumaona mmisiri akuthamangitsana ndi bowo, akatseka apa labooka apo, mapeto ake pamakhala chimulu cha zowotcherera chodzaza ndi timing'alu. Mmisiri wa gasi, kaya wa m'mabotolo kaya wa kabaidi, amatha kuchepetsa moto molingana ndi chitsulocho, komanso sadikira magetsi a ESCOM. Makina a MIG, owotcherera ndi waya wopyapyala m'malo mwa marodi, ndiwo abwino koposa pa ntchitoyi, kungoti amapezeka kwambiri m'tauni. Choncho funsani amene amawotcherera mabodi a galimoto, osati aliyense amene ali ndi makina pakhonde.

Musaiwale kuti thanki ya petulo ili pafupi ndi sailensa, ndipo m'galimoto zina ndi ya pulasitiki. Ngati mabawuti akumasuka, chigawocho chichotsedwe chikawotcheredwere pambali. Ngati akuwotcherera chili pagalimoto ndi makina a magetsi, achotse waya wa negetivi ku batire, ndipo waya wa earth wa makinawo aupane pa ekizozi pomwepo, pafupi ndi pamene akuwotcherera, kuti magetsi asadutse m'mawaya a kompyuta ya injini. Kompyuta imeneyo mtengo wake umaposa wa sailensa kutalitali. Ndipo mukamva fungo la petulo pansipo, moto usayatsidwe.

Kudula chigubu n'kuikapo china

Pamene paipi ili yolimba koma chigubu chatha, mmisiri atha kudula chigubucho n'kuwotchererapo china. M'mashopu a ku Limbe ndi ku Blantyre muli masailensa atsopano osasankha galimoto, aatali ndi aafupi, ndipo palinso amisiri ena amene amapinda chitsulo n'kupanga sailensa ndi manja. Pa mtengo njira iyi ili pakatikati, ndipo ubwino wake mutha kuuyeza nokha musanatulutse ndalama.

Paipi ya sailensa yatsopanoyo ifanane kukula ndi ya galimoto yanu. Galimoto zazing'ono za injini ya 1.0 mpaka 1.5 zimakhala ndi paipi ya mamilimita pafupifupi 38 mpaka 45, koma yezani yanu. Yocheperapo imatsamwitsa injini, ndipo mudzaimva pokwera chitunda kuchoka ku Luchenza kulowera ku Thyolo, phazi lili pansi koma galimoto osapita. Yokulitsa imabweretsa mkokomo wogonthetsa m'kati. Inyamuleninso m'manja. Yopepuka kwambiri ndi ya chitsulo wamba chopyapyala chongopaka penti wasiliva, ndipo kuno singapirire madzinja ambiri.

Zopanga pamanja sindizinyoza. Amisiri ena amagwiritsa ntchito chitsulo chochindikala chimene chimapirira miyala kuposa cha m'shopu. Vuto lili m'kati. Sailensa ya fakitale ili ndi zipinda ndi timapaipi tobooledwa zoyezedwa molingana ndi injini yake, ndipo kubwereza zimenezo ndi nyundo n'kovuta. Zina zimatuluka zaphokoso, zina zotseka mpweya. Pemphani kuona m'kati asanatseke, kapena akusonyezeni galimoto ina imene anaikako muimvere nokha. Koma akatulutsa paipi ya madzi, ija ya m'mipope, kanani. Ndi yolemera moti imathyola zokolekera, siipindika bwino ndiye amangoidula n'kulumikiza makona amene amachedwetsa utsi, ndipo zinki wake akapsa amatulutsa utsi woyera wodwalitsa wowotcherera yemweyo.

Chimene ndimakana kwamtuwagalu ndi kuwotcherera ekizozi yonse kuti ikhale chinthu chimodzi. Pamene chigawo chakumbuyo chimakumana ndi chapakati pamakhala fulanji, mfundo ya mabawuti ndi gasiketi. Pa Toyota zambiri mabawuti a mfundo zina amakhala ndi masipuling'i kuti ekizozi izitha kupindika pang'ono injini ikagwedera. Mabawutiwa amachita dzimbiri n'kukana kumasuka, ndiye mmisiri wachangu amangodula mfundoyo n'kulumikiza ndi moto. Phokoso limathadi tsiku lomwelo, koma kugwedera kumene mfundoyo inkameza kumasamukira kutsogolo, ku manifodi, pamene utsi umatulukira mu injini, ndi ku kapaipi kolukana kopindika ka kutsogoloko, kumene kukonza kwake n'kodula. Ndipo tsiku lofuna kutsitsa thanki kapena kukonza ekiselo, ekizozi idzadulidwanso. Mabawuti okanirira amathiridwa mafuta omasulira n'kusiyidwa usiku wonse, kapena amatenthedwa ndi gasi, ndipo akakanikiratu amadulidwa okhawo n'kuikapo ena. Mfundoyo ikhalepo ndithu.

Yakale yomasula ku galimoto ina

Pa galimoto zambiri zimene zili m'misewu yathu, ine ndikafunsidwa ndimayamba kuloza kuno. Ogulitsa zipangizo zomasula ku galimoto zangozi, kapena zobwera m'makontena, ali ambiri ku Limbe ndi ku Ndirande, ndipo za Toyota, Nissan, Honda ndi Mazda sizivuta kwenikweni. Chigawo cha fakitale chimakhala cha chitsulo chabwino, kawirikawiri stainless yosanyezimira. Chinapindidwa molingana ndi galimotoyo, zokolekera zili m'malo mwake, ndipo chimangomangidwa ndi mabawuti popanda moto. Mawu a galimoto amabwerera mwakale.

Koma dzina la galimoto lokha silikwanira. Sienta yoyamba, imene inapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, ili ndi NCP81 yokoka ndi matayala akutsogolo ndi NCP85 yokoka ndi onse anayi, ndipo kunsi kwake n'kosiyana chifukwa yachiwiriyo ili ndi shafuti ndi difu kumbuyo. Vitz, Fit ndi Demio nazonso zinasintha kapangidwe kangapo dzina lili lomwelo. Zilembo zoyambirira za nambala ya chasisi, imene ili pa blue book ndi pa kachitsulo ka pagalimoto, ndizo muwauze ogulitsa. Choposa zonse n'kumasula yanu yakaleyo n'kupita nayo. Muziike pansi zonse ziwiri moyandikana, muyerekeze makhotedwe a paipi, zokolekera ndi mabowo a mabawuti. Kutuma kondakitala wa minibasi ndi chithunzi cha pa WhatsApp kumachepetsadi ndalama ya thiransipoti, koma chikabwera cholakwika kubweza n'kovuta. Mapeto ake mmisiri amachidula n'kuchiwotcherera kuti chikwane, ubwino wonse umene munachigulira n'kuthera pomwepo.

Muiyeze mmene munayezera yanu ija. Gogodani, gwedezani, kenako ipendekeni muone ngati mukutuluka madzi kapena zinyenyeswa za dzimbiri. Penti watsopano, wakuda kapena wasiliva, pa chinthu chakale akuchenjezeni: kandani ndi kiyi muone chimene chili pansi pake. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumagwa chipale chofewa ndipo m'misewu amathiramo mchere. Ku UK n'chimodzimodzi. Zochokera kumeneko zimadyeka kunja, makamaka pa fulanji ndi pa zokolekera, ngakhale m'kati zili bwino. Funsani kuti inamasulidwa ku galimoto yanji, ndipo mugwirizane pa lisiti kuti ikapanda kukwana mubweza. Paja safunsa anadya phula. Mukamachoka m'tauni muguliretu gasiketi yatsopano, chifukwa yakale ikaphwanyidwa kamodzi siitsekanso bwino.

Yatsopano yonse

Galimoto ngati Probox, Passo ndi Sienta yoyamba zinapangidwira msika wa ku Japan, ndiye chigawo chatsopano cha fakitale nthawi zambiri chimakhala choitanitsa, ndipo pamakhala kudikira. Hilux, Ford Ranger ndi Isuzu, zimene zimapangidwanso ku South Africa, zipangizo zake sizichokera kutali choncho. Koma kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuphatikizapo kusowa kwa ndalama zakunja, chinthu choitanitsa mtengo wake umasuntha musanamalize kusonkhanitsa ndalama. Mtengo wodalirika ndi wa tsiku logula.

Mukaganiza zogula yatsopano, funso lalikulu ndi la chitsulo. Pali chitsulo wamba, chimene chimatha msanga. Pali chokutidwa ndi aluminiyamu, chimene chimapirira kunja koma madzi a m'kati amachigonjetsabe pakapita nthawi. Ndiye pali stainless, ndipo pa ekizozi mitundu yodziwika ndi iwiri, 409 ndi 304. Ya 409 imachita kadzimbiri ka pamwamba koma siibooka msanga. Ya 304 ndiyo yonyezimira, yolimba koposa, yodulanso koposa. Kamaginito ka m'sipika yakale katha kukuthandizani: pa 409 kamamata, pa 304 sikamata kapena kamamata mofooka. Choncho wogulitsa akati ndi stainless maginito n'kumata, sikuti wanama. Koma akati ndi 304 maginito n'kukakamira, bwererani ndi ndalama zanu. Ndipo stainless ikalumikizidwa ndi rodi wamba, dzimbiri limayambira pamsoko pomwepo, ndiye funsaninso za rodi.

Njira iyi ndi ya munthu amene galimoto yake ikadali yamphamvu ndipo akufuna kukhala nayo zaka zambiri. Pa galimoto imene injini yayamba kale kudya oyilo, ndalama imeneyo ili ndi ntchito ina yofunika kuposa sailensa.

Paipi yokhayokha

Ena amati galimoto imapepuka ndipo imamwa mafuta ochepa ikachotsedwa sailensa. Pa injini yaing'ono imene sinasinthidwe kalikonse, phindu limenelo simungalimve. Amene anamva kusintha, nthawi zambiri n'chifukwa choti sailensa yakaleyo inali itatsekeka m'kati, ndipo ina iliyonse yabwino ikanawathandiza chimodzimodzi. Chimene chimatsala ndi mkokomo ulendo wonse, kudzutsa mudzi mukamanyamuka m'bandakucha, mafunso pa rodibuloko, ndi vuto pokayezetsa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Iyi ndiye sindiiika n'komwe pamlingo. Mudziwenso kuti bowo la sailensa yakumbuyo palokha silimwetsa mafuta kwenikweni, poti lili kumbuyo kwa masensa oyeza utsi. Ngati petulo akutha msanga, utsi ukuthawira kutsogolo kapena vuto lili kwina.

Pomwe tili pamenepa, galimoto ikakhala padzenje musachokepo. Kutsogolo kwa chigawo chimene mukukonza kuli catalytic converter, kachigubu kokhala ndi platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo zamtengo wapatali zimene zili ndi ogula ake. Sikakhudzana ndi ntchito ya sailensa yakumbuyo. Wina akakuuzani kuti akachotse kapena akagogomole m'kati kuti galimoto ipume, akusonyezeni kaye umboni woti katsekeka, ndipo ngati kachotsedwadi, ndi kanu. Kakachoka, utsi umanunkha, carbon monoxide amachuluka, ndipo m'galimoto zambiri nyali ya injini imayaka chifukwa sensa ya kumbuyo kwake imaona kuti zinthu zasintha. Amakaniko ambiri ndi anthu okhulupirika, koma kujambula chithunzi cha kunsi musanasiye galimoto sikunyoza munthu.

Ndiye titenge iti?

Achimwene a takisi, amene sailensa yanu imavulala ndi mahampu ndi miyala, chigamba cha mmisiri wa gasi chikukwanirani, ndipo chigubu chikatheratu yakale ya fakitale ndiyo yoyenera. Stainless yodula ingaphwanyike pa hampu chimodzimodzi ndi ina iliyonse. Ndalama yotsalayo ipite ku masipuling'i ndi mashoko akumbuyo, chifukwa galimoto yofwamphuka kumbuyo idzapha sailensa iliyonse imene muikeko. Pikapu ya dizilo ya m'misewu ya kumunda nayo kawirikawiri imathyoka ndi kugwedera, osati kudyeka m'kati, ndiye kuwotcherera kumaithandiza.

Amene galimoto yanu imangoyenda maulendo aafupi, timabowo ta dzimbiri tikayamba musamatenso kachiwiri. Gulani yakale yoyezedwa bwino, kapena ngati thumba likulola, apa ndi pamene stainless imaonetsa phindu lake. Nthawi ndi nthawi muziipatsa galimotoyo ulendo wa mphindi 30 kapena kuposa osazimitsa, kaya wa ku Muloza kaya wa ku Luchenza, kuti ekizozi itenthe mpaka kumapeto madzi aphwe. Sailensa yosasankha galimoto ija ndimaiona ngati njira ya pamene yakale yokwana yasowa, ndipo imayenda bwino pokhapokha mmisiri atasamala kukula kwa paipi n'kusiya fulanji.

Njira iliyonse imene mwasankha, sinthani timalabala tokolekera tonse tsiku lomwelo. Ndi totchipa kuposa china chilichonse pa ntchitoyi, koma tikauma n'kung'aluka sailensa imalendewera, kulemera kwake konse n'kukathera pamsoko umodzi, ndipo mapaipi ambiri othyoka anayambira pamenepo. Waya, kapena chubu cha njinga chodula, sizilowa m'malo mwake: waya umapititsa kugwedera konse ku bodi, chubu chimapsa.

Musanatsike padzenje, yang'anani kuti paipi yatalikirana ndi thanki, mapaipi a mabuleki ndi bampala, mpata wolowa zala ziwiri. Anthu atatu akhale kumpando wakumbuyo muone ngati paipi siikugunda ekiselo galimoto ikalemera, chifukwa yopanda katundu imanamiza. Kukamwa kwa paipi kufike kumapeto kwa galimoto, kusathere pansi pake. Bwerezani kuyeza kwa kansanza kuja. M'dzinja, mukabwera m'matope, auzeni otsuka galimoto athire madzi pamwamba pa chigubu chikazizira. Pakatha masiku angapo bwererani padzenje mabawuti akamangidwenso, chifukwa gasiketi yatsopano ikatentha n'kuzizira kangapo imaphwa pang'ono ndipo mfundo imayamba kufwenthera.